Masheya a Makampani a Makompyuta: Mlimi Adziwe Izi Asanatulutse Ndalama Yake

Nyengo yogulitsa zokolola ikafika ndalama imalowa m'midzi, ndipo pambuyo pa ndalamayo pamatsata anthu ambiri ofuna kukuuzani mmene muigwiritsire ntchito. Kale amene ankabwera anali ogulitsa njinga, malata ndi wailesi. Masiku ano kwabwera malonda ena amene sagwirika ndi manja, pakuti amakhala m'lamya. Mwana wanu kapena mphwanu wochokera ku tauni akuonetsani mizere yofiira ndi yobiriwira yokwera ndi kutsika, nakuuzani kuti mukaikapo ndalama ya fodya kapena ya soya m'mawa, pofika madzulo ikhala itaswana. Atchula makampani akuluakulu a ku America monga Apple, Tesla ndi Nvidia, ndi kunena kuti anthu a kumeneko akulemera ali chikhalire.

Nkhani imeneyi si ya kumunda, koma ndalama imene ikufunidwayo inachokera kumunda, ndipo n'chifukwa chake ine mlangizi wa zaulimi ndaona kuti ndilankhulepo. Tsono tamverani mmene malonda amenewa amayendera kwawoko, ndi zimene zinawaonekera anthu amene anayamba kale ife tisanawamve n'komwe.

KODI SHEYA N'CHIYANI?

Tiyerekeze kuti anthu khumi a m'mudzi umodzi asonkha ndalama zofanana nagula chigayo. Aliyense wa iwo ali ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a chigayocho. Gawo limenelo ndilo sheya. Chaka chikatha, atachotsa ndalama ya dizilo, ya malipiro a wogayitsa ndi yogulira sefa, phindu lotsala amagawana. Imeneyi ndi njira yoyamba yopezera ndalama pa sheya, ndipo ndi yochedwa monga ulimi womwe.

Njira yachiwiri ndi kugulitsa gawo lako kwa wina. Mbiri ikamveka kuti pafupi ndi chigayocho padzamangidwa msika, anthu ambiri adzafuna gawolo ndipo mtengo wake udzakwera. Ikamveka mbiri ina kuti munthu wachuma akubweretsa chigayo chamagetsi tsidya la mtsinje, aliyense adzafuna kugulitsa ndipo mtengo udzagwa. Taonani bwino apa. Chigayo chikadali chomwe chija, chikugaya ndowa zomwe zija, wogayitsa ndi yemwe uja. Chasintha ndi mitima ya anthu basi.

Makampani akuluakulu amagawidwa chimodzimodzi, koma magawo ake ndi mamiliyoni ambirimbiri, ndipo amagulitsidwa pa misika yakeyake. Mumzinda wa New York muli misika iwiri yaikulu yotere. Umodzi, wotchedwa Nasdaq, unayamba m'chaka cha 1971, ndipo ndi kumene kuli makampani ambiri opanga makompyuta, malamya ndi zinthu za pa intaneti. Msikawu uli ndi muyeso wake, nambala imodzi yosonyeza ngati mitengo yonse pamodzi yakwera kapena yatsika. Nambala imeneyi tiitchula kangapo.

PAMENE DZIKO LONSE LINATHAMANGIRA MBEWU IMODZI

Inu a ku Mulanje, Phalombe, Zomba ndi Balaka mukukumbukira za nandolo. M'zaka za 2015 ndi 2016 dziko la India silinakolole bwino, ogula anadzaza m'misika yathu ndipo mtengo unakwera kwambiri. Poona mnzake wagula malata, aliyense anakuza munda wa nandolo. Kenaka India anakolola zochuluka, ndipo mu Ogasiti 2017 boma la kumeneko linachepetsa nandolo wolowa kuchokera kunja. Mtengo unagwa, matumba anaunjikana m'nyumba, mavenda natchula mtengo umene afuna. Nandoloyo sanali woipa ayi. Ndi mbewu yabwino, yokonza nthaka ndi yopatsa thanzi. Chinalakwika n'chakuti anthu onse anawerengera mtengo wa chaka chatha.

Zoterezi zinachitikanso ku America ndi masheya a intaneti. Mu Ogasiti 1995 kampani yaing'ono yotchedwa Netscape, imene inali isanayambe n'komwe kupeza phindu, inaika masheya ake pa msika pa mtengo wa madola 28, ndipo tsiku lomwelo msika unatsekedwa mtengo uli pa madola 58. Anthu anaona kuti apa pali ndalama yachangu. Zaka zotsatira, kampani iliyonse yotchula intaneti inkapeza ogula, ngakhale ilibe chogulitsa chenicheni. Aphunzitsi, madalaivala ndi okalamba opuma pa ntchito anatulutsa ndalama zimene anasunga zaka zambiri. Ena anasiya ntchito kuti azikhala pa kompyuta tsiku lonse akugula ndi kugulitsa.

Mu Disembala 1996 mkulu wa banki yaikulu ya boma la America, Bambo Alan Greenspan, anachenjeza kuti mwina anthu atengeka mtima koposa muyeso. Koma mitengo inapitirira kukwera zaka zina zitatu, kotero kuti amene anamvera chenjezolo ankaoneka ngati opusa, ndipo amene sanamvere ankayenda modzitama. Ichi ndicho chovuta cha nthawi yotere: wochenjeza amaoneka wabodza kufikira tsiku lomaliza.

Tsikulo linali 10 Malichi 2000, pamene muyeso wa Nasdaq unafika pa 5,048. Kuchokera apo unayamba kutsika, ndipo pofika Okutobala 2002 unali pa 1,114. Kunena mwaulimi, munthu amene anaika matumba 100 m'nkhokwe anapezamo matumba 22. Muyesowo sunabwererenso pamene unali kufikira chaka cha 2015, patapita zaka 15. Mwana wobadwa chaka cha kugwako anali atamaliza sukulu ya pulaimale.

Makampani ena anafera pomwepo. Ina, yotchedwa Pets.com, inkagulitsa zakudya za agalu ndi amphaka pa intaneti ndi kuzitumiza pakhomo pa wogula, koma kawirikawiri mtengo umene inkalandira sunkakwanira kulipira katunduyo ndi mayendedwe ake. Inalowa pa msika mu Febuluwale 2000 pa madola 11 sheya imodzi, ndipo mu Novembala chaka chomwecho inatseka. Mlimi aliyense amene ananyamulapo tomato kupita naye ku msika wakutali akanatha kuwauza kuti malonda otere sakhalitsa.

Koma chimene ndifuna muchigwire kwambiri ndi cha makampani amene sanafe. Kampani ya Cisco, yopanga zipangizo zolumikiza makompyuta, inali yeniyeni, yokhala ndi antchito ndi phindu lomwe, ndipo mu Malichi 2000 inakhalapo kanthawi kampani yamtengo wapatali koposa zonse pa dziko lapansi. Inapitirira kugulitsa katundu wake chaka ndi chaka, koma amene anagula sheya yake pa madola pafupifupi 80 anadikira zaka zoposa 20 osauonanso mtengo umenewo. Kampani ya Amazon, imene lero aliyense amaitchula monga chitsanzo cha kulemera, sheya yake inagwa kuchoka pamwamba pa madola 100 kufika pafupifupi madola 6 m'chaka cha 2001. Amene akukuuzani kuti wogula Amazon kalelo ndi wolemera lero sakunama, koma sakuuzani kuti ambiri analephera kupirira, nagulitsa mtengo uli pansi. Intaneti inali yoona monga nandolo anali wabwino. Mtengo ndiwo unali wolakwika.

OGULA M'MAWA NDI KUGULITSA MADZULO

Tsono tifike pa malonda a tsiku limodzi, amene ndiwo akukopa achinyamata athu. Wochita malonda amenewa safuna kukhala mwini wa chigayo kapena kudikira phindu la pachaka. Amagula sheya nthawi ya 10 koloko kuti aigulitse nthawi ya 11 koloko itakwerako pang'ono, ndipo amatero kambirimbiri pa tsiku. Ali ngati venda wogula thumba la chimanga mbali ino ya msika kuti akaligulitse mbali inayo, koma kusiyana kwake n'kwakuti venda amadziwa mtengo wa mbali inayo, pamene uyu amangoganizira.

Anthu ophunzira anawerenga mabuku a ndalama a anthu otere kuti aone ngati amapinduladi. Ku Brazil, akatswiri atatu a mumzinda wa São Paulo anatsata anthu amene anayamba malonda a tsiku limodzi pakati pa 2013 ndi 2015. Mwa amene analimbikira masiku oposa 300, anthu 97 pa 100 alionse anataya ndalama. Amene anapeza zoposa malipiro a wantchito wamba anali munthu mmodzi yekha pa 100. Awa sanali ongoyesa tsiku limodzi ayi, anali olimbikira, ndipo kulimbikirako sikunawathandize. Pa ulimi, munthu akalima zaka zitatu amadziwa nthaka yake ndipo zokolola zimawonjezeka. Pa malonda awa sizinatero.

Ku America nako, aphunzitsi awiri a sukulu zaukachenjede, Brad Barber ndi Terrance Odean, anaona mabanja oposa 66,000 pakati pa 1991 ndi 1996. Pamene msika wonse unkapindula pafupifupi 18 pa 100 pachaka, mabanja amene ankagula ndi kugulitsa pafupipafupi ankapeza 11 pa 100. Anagwira ntchito yambiri kuti apeze zochepa.

Chifukwa chake n'chiyani? Choyamba, nthawi iliyonse mukagula kapena kugulitsa, mkhalapakati amadyapo pang'ono, monga mmene chimanga chimachepera mukamachithira kuchoka mu ndowa ina kupita mu ina. Ngakhale amene amati salipiritsa amapeza zawo pa kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira. Chachiwiri, amene mukupikisana naye si mnzanu wa m'mudzi. Ndi mabanki aakulu okhala ndi makompyuta amene amagula ndi kugulitsa inu musanaphethire. Uthenga ukamafika pa lamya yanu kuno, mwina lamyayo itatha moto ndipo mwakwera pachulu kufuna netiweki, iwo anaumva kale ndipo mtengo unasintha kale. Chachitatu ndi mtima wa munthu. Akapindula pang'ono amafulumira kugulitsa, koma akaluza amakakamira, nawonjezera ndalama kuti abweze zimene zatayika, monga achitira wa juga.

Palinso msampha wina woposa yonseyi. Ambiri mwa malonda a pa lamya sakugulitsani sheya yeniyeni. Amangokubetchetsani kuti mtengo ukwera kapena utsika, ndipo amakubwerekani ndalama kuti kubetchako kukule. Mukaika ndalama ya thumba limodzi, amakulolani kubetcha ngati muli ndi matumba khumi. Zimamveka zokoma, koma mtengo ukangotsika ndi gawo limodzi mwa khumi, thumba lanu lija latha lonse. M'chaka cha 2018 bungwe loyang'anira misika ya ndalama ku Ulaya linanena kuti mwa anthu wamba ochita malonda a mtundu umenewu, pakati pa 74 ndi 89 pa 100 alionse amataya ndalama. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Za kutengeka kwa gulu, chitsanzo chaposachedwa ndi cha GameStop, kampani ya masitolo ogulitsa masewera a pa kompyuta. Kumayambiriro a Januwale 2021 sheya yake inali yosafika madola 20. Anthu wamba zikwizikwi analimbikitsana kugula, ndipo pa 28 Januwale mtengo unakhudza madola 483. Pasanathe mwezi unali pansi pa madola 50. Amene analowa msanga ndi kutuluka msanga anapindula, ndipo nkhani zawo ndizo zinamveka. Ndalama imene anapindulayo ina inachokera m'matumba a amene anafika mochedwa, ndipo amenewo sanajambulitse zithunzi.

MBEWU YATSOPANO YOTCHEDWA AI

Dzina limene likumveka kwambiri tsopano ndi AI, ndiko kuti makompyuta otha kuyankha mafunso ndi kulemba ngati munthu. Chidwi chinakula kuyambira Novembala 2022 pamene chida chotchedwa ChatGPT chinatulutsidwa. Kampani ya Nvidia, yopanga tizipangizo ta m'kati mwa makompyuta amenewa, ndiyo inakwera koposa. Mtengo wa masheya ake onse pamodzi unafika madola thiriliyoni imodzi mu 2023, ndipo unapitirira mathiriliyoni anayi mu Julayi 2025. Iyi si Pets.com. Ili ndi katundu weniweni ndi phindu lalikulu, ndipo tisainamizire.

Komabe taonani chimene chinachitika pa 27 Januwale 2025. Mbiri inamveka kuti kampani ya ku China yotchedwa DeepSeek yapanga AI yake pa mtengo wochepa. Anthu anaopa kuti tizipangizo ta Nvidia sitidzafunikanso tambiri, ndipo tsiku limodzi lokha sheya yake inatsika ndi 17 pa 100. Ndalama imene inafufutika tsiku limenelo inali pafupifupi madola mabiliyoni 590, kuposa ka 40 chuma chonse chimene dziko la Malawi limapanga pa chaka chathunthu. Palibe fakitale imene inapsa, palibe sitima imene inamira. Miyezi ingapo pambuyo pake mtengo unabwerera ndi kupitirira. Koma munthu amene anabetcha ndi ndalama yobwereka sanauone mtengo wobwererawo, pakuti zake zinathera tsiku lomwe lija.

Zofanana zinaionekera kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook ndi WhatsApp. Pa 3 Febuluwale 2022, itanena kuti anthu otsegula Facebook tsiku ndi tsiku achepako kwa nthawi yoyamba, sheya yake inatsika ndi 26 pa 100. M'chaka chonse cha 2022 muyeso wa Nasdaq unatsika ndi gawo limodzi mwa atatu.

Mwina wina adzati, "Ine sindichita za tsiku limodzi, ndingosankha kampani imodzi yabwino ndi kudikira." Ameneyu waganiza bwino koposa mnzake uja, koma kusankhako si kwapafupi. Mphunzitsi wina wa ku Arizona, Hendrik Bessembinder, anawerenga makampani pafupifupi 26,000 amene anakhalapo pa misika ya ku America kuyambira 1926 kufikira 2016. Anapeza kuti chuma chonse chimene msika unawonjezera chinachokera ku makampani 4 okha pa 100 alionse, ndipo oposa theka anapindulitsa eni ake zochepa kuposa kungobwereketsa ndalamayo ku boma. Tiyerekeze kuti mwapatsidwa maungu 100 ndipo anayi okha ndiwo ali ndi nthangala zomera, koma kunja onse akufanana. Ndi chifukwa chake anthu ambiri a kumeneko sasankhanso. Amagula pang'ono pa kampani iliyonse kudzera m'thumba limodzi lalikulu, monga mlimi wanzeru abzala chimanga, nyemba, chinangwa ndi mbatata kuti china chikakanika china chimupulumutse.

NANGA KUNO KWATHU?

Masheya si chinthu choipa, ndipo ife tili ndi msika wathu ku Blantyre, Malawi Stock Exchange. Kampani yoyamba kulowa pa msikawu inali NICO mu 1996. Lero kuli mabanki monga National Bank ndi Standard Bank, kuli Illovo ya shuga, kuli Press Corporation, ndipo kuli makampani awiri a malamya amene mumagula mayunitsi awo: TNM, imene inalowa mu 2008, ndi Airtel Malawi, imene inalowa mu Febuluwale 2020. Amenewa ndi makampani amene mungathe kuwaona ndi maso anu, ndipo akapeza phindu nagwirizana kugawa, gawo lanu limalowa mu akaunti yanu ya ku banki.

Pakati pa 2023 ndi 2025 mitengo ya masheya ambiri ku Blantyre inakwera kwambiri, ndipo ichi chakopa anthu amene kale sankalabadira. Kumbukirani kuti nthawi yomweyo kwacha inatsika mphamvu, ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, motero kukwera kwina kunali kungothamangitsana ndi mtengo wa feteleza ndi sopo. Kumbukiraninso nandolo uja. Msika wathu ndi waung'ono, makampani ake safika 20, ndipo nthawi zina wofuna kugulitsa amadikira masiku kuti wogula apezeke. Si malo oikako ndalama imene mudzaifuna mwezi wamawa mwana akadwala.

Ndiye bambo ndi mayi, khalani pansi nonse awiri ndalama ya zokolola isanagawidwe. Chimanga chokwanira banja kufikira masika ena chikhale m'nkhokwe chitathiridwa mankhwala. Ndalama ya mbewu ndi feteleza ichotsedwe, ya sukulu ichotsedwe, ngongole ya kalabu ibwezedwe. Ngati patsala kanthu kamene banja lingathe kukaiwala zaka zisanu, kameneko ndiko kangapite ku masheya. Ndalama ya banki m'khonde kapena ya katapila isayandikireko n'komwe, pakuti ngongole ili ndi tsiku lake lobwezera ndipo msika sudziwa tsiku limenelo.

Masheya a ku Blantyre amagulidwa kudzera mwa mkhalapakati wokhala ndi chilolezo chochokera ku Reserve Bank of Malawi. Amenewa ali ndi maofesi odziwika, amafuna chiphaso chanu cha unzika ndi akaunti ya ku banki, ndipo amalemba masheyawo m'dzina lanu. Munthu wokuuzani kuti mutumize ndalama pa nambala ya lamya yake kuti akuchitireni malonda ku New York, mufunseni chilolezo chake ndi ofesi yake. Kutumiza ndalama kunja kwa dziko kuli ndi malamulo ake ndipo kumadzera ku banki. Akakulonjezani phindu lotsimikizika la mlungu uliwonse, dziwani kuti ngakhale mabanki aakulu a ku New York salonjeza zotere. Kawirikawiri wotereyu amalipira oyamba ndi ndalama ya obwera pambuyo, ndipo phindu loyamba limene adzakupatsani ndi nyambo yakuti muitane abale anu.

Mukafika kwa mkhalapakati wovomerezeka musachite manyazi kufunsa. Mufunseni kuti kampaniyo imagulitsa chiyani, inagawa phindu lotani zaka zitatu zapitazo, ndipo iye adzadulapo zingati pogula ndi pogulitsa. Zimene akuuzani alembe papepala, ndipo ngati kuwerenga kukuvutani pitani ndi mwana wanu wa ku sekondale kapena mphunzitsi amene mumamukhulupirira. Mapepala amenewo muwasunge pamodzi ndi a munda, ndipo mnzanu wa m'nyumba adziwe pamene ali ndi dzina la ofesi imene munagulako, pakuti sheya imalowa m'chuma cha masiye monga ng'ombe ndi njinga, ndipo ana sangathe kulondola chimene sanauzidwe.